Dzina Limene Silinalowe m'Belu la Sitima

A Alpheus Bain anagulitsa nkhono zam'nyanja pansi pa mlatho wa ku Potter's Cay kuyambira tsitsi lili bii mpaka mutu wonse mbuu, ndipo aliyense wa mu Nassau muno amene analawako amavomereza kuti dzanja linalipo. Chigoba ankachiboola kamodzi kokha, go! nyama n'kuisolola, kuiduladula pamodzi ndi anyezi ndi matimati, kuthira tsabola wochotsa chimfine, n'kufinyira ndimu, kwinaku pakamwa pakuyenda. Pakamwa pawo ndiye panalibe Sabata. Ankanyoza boma, ankanyoza mphepo, ankanyoza ndi owagula omwe, anthu n'kumaseka, mawa n'kubweranso. Koma sitima yotuwa ya asilikali apanyanja ikangotulukira pakhomo pa doko, nthabwala zinkathera pomwepo. A Bain ankailozetsa nkhongo, mpeni n'kuyamba kulira pathabwa ngati thabwalo lawalakwira.

"Bain, mkazi mnzako uyo akudutsa!" ankafuula motero mayi Maudline Moxey, ogulitsa nsomba pabenchi loyandikana. "Sumupatsa moni?"

"Samala nsomba zakozo, Maudline, ntchentche zikukutsirizira."

Alendo ankadabwa kuti munthu wamkulu angadane bwanji ndi chitsulo. Apamlatho onse ankadziwa kuti nkhani si chitsulo ayi. Inali nsanje, nsanje yowondetsa munthu akudya bwino, ndipo chimene ankalimbirana ndi sitimayo anali mwana wawo, Garvin.

A Bain anabadwira ku Andros, m'kamudzi kamene wansembe ankafikako mwa apo ndi apo, mphepo ikalola. Bambo awo ndiwo anali katekisiti. Khanda likabadwa lofooka, loti mwina silidikira wansembe, ankathamanga ndi kapu ya madzi n'kulibatiza okha, a Alpheus ali kamnyamata atawagwirira buku. Choncho mawu a m'buku la mapemphero anakula nawo, ankawadziwa kuposa nyimbo. Atakula anakwera boti la makalata kubwera ku Nassau, anavutika m'maboti a eni mpaka kupeza lawolawo, n'kukwatira mayi Idell. Kunabadwa atsikana atatu motsatizana, a Bain n'kumathokoza Mulungu ndi mano okha. Wachinayi atabadwa mnyamata, anavina pakhonde la chipatala mpaka anamwino kuwathamangitsa.

Garvin anadziwa kusambira asanadziwe kumanga nsapato. Bambo ake ankamukhazika kutsogolo kwa boti n'kumamulozera pamene pali posaya ndi pamene pali miyala. "Botili ndi lako," ankatero, "ine ndikungokusungira." Ndipo kwa mwanayo panalibe munthu wina padziko. Kusukulu anamenyanapo ndi anzake chifukwa wina anatsutsa zimene Adadi ananena.

Zinasintha Garvin ali mnyamata woyamba kumera tsitsi kukhwapa. Tsiku lina iye ndi bambo ake anapita kukaonjola misampha ya nkhanu kumadzi akum'mwera, kutali, n'kupeza chisitima chachilendo chopanda mbendera chitaima pamalo pawo, timaboti take tili mbwee, anthu akumira ndi mipaipi ya mpweya n'kumakokolola chilichonse, nkhono zosakhwima, nkhanu za mazira, osasiya ndi mbewu yomwe. Zingwe za misampha ya a Bain anali atazidula kale. A Bain anaimirira n'kuyamba kutukwana monga mwa masiku onse. Wina pachisitimapo anangotukula mfuti n'kuomba m'mwamba, phuu! A Bain anasiya kutukwana pomwepo. Anamugoneka Garvin pansi, anatembenuza boti, liwiro kuthawa. Ndani angawanene? Uli ndi mwana m'boti sulimbana ndi mfuti.

Asanapite patali anakumana ndi sitima yotuwa ikung'amba madzi, poti asodzi ena anali ataiitana pawailesi. Inatsitsa kaboti kamphira, ndipo kutsogolo kwake kunaima munthu wamtali, osagwira pena paliponse, akulunjika komwe kunalira mfuti kuja. Ameneyo anali Cleveland Hanna, mkulu wa anyamata apasitima. Anakwera chisitima cha akubacho ngati akukwera masitepe a kunyumba kwake, ndipo dzuwa lisanapendeke akuba onse anali atakhala pansi manja kumutu, chisitima chawo chikukokedwa kupita ku Nassau. Pobwerera, a Hanna anapatukira paboti la a Bain.

"Muli bwino, bambo? Nanga mnyamatayu?" Anamusisita Garvin m'mutu. "Usaope, mphwanga. Nyanjayi ndi yathu."

A Bain anathokoza, inde, anathokoza ndithu. Koma atacheuka anaona maso a mwana wawo ali dwii pamsana pa munthu uja, ndipo maso amenewo anawadziwa, poti kale ankayang'ana iwo. Mtima unawaluma pomwepo. Mwana anali ataona bambo ake akuthawa, mwamuna wina akupita komwe iwo ankathawako.

Atangomaliza sukulu Garvin analowa usilikali wapanyanja, ndipo tsoka la a Bain, anamutumiza pasitima yomweyo, m'manja mwa a Hanna omwewo. Akabwera kutchuthi, m'nyumba munkangomveka dzina limodzi. A Hanna akuti mwamuna sayenda manja ali m'thumba. A Hanna akuti mphepo ya mawa uione lero. A Hanna sadya shuga. A Bain ankameza chakudya ngati akumeza mchenga. Tsiku lina m'mawa anatsikira kudoko n'kupeza Garvin atagwada, akumasula chingwe cha boti lawo n'kuchimanganso.

"Iwe, chingwe changa chakulakwira chiyani?"

"Mfundo iyi imapulumuka mafunde akakula, Adadi. A Hanna anationetsa ina."

"Mfundo imeneyo yagwira botili usanabadwe! Ndiyo inakugulira matewera!"

Garvin anangoseka, poyesa nthabwala, n'kumaliza kumanga. Atangochoka, a Bain anaimasula n'kubwezera yawo. Choipa n'chakuti pomasulapo anaona okha kuti ya a Hanna inali yabwino, yolimba koma yosavuta kumasula, ndipo tsiku lonse owagula anadya tsabola wa chilango.

Pamenepo ndiye panali povuta. Akanakhala kuti asilikaliwo ndi alesi, a Bain akanagona tulo tabwino. Koma ntchito inkaoneka. Akuba anachepa kum'mwera, nkhono zinayamba kukhwimanso, ndipo nkhono zimenezo ndizo a Bain ankagulitsa. Namondwe akaphwanya zilumba, sitima yotuwa ndiyo inkayamba kufika ndi madzi akumwa ndi malata. Mzinda ukalandira alendo akuluakulu, kapena zisitima za alendo zikadzaza padoko, inkakhala pakhomo usana ndi usiku, anyamata atagwira mfuti, kuti likulu la dziko ligone mosadera nkhawa. Pa chikondwerero cha ufulu inkadutsa itavala mbendera, anyamata atandandalika mu zoyera, khamu likuomba m'manja mpaka kuwawa.

"Uyo Garvin! Bain, taona mwana wako!" mayi Moxey ankalumpha ngati mtsikana.

"Ndamuona. Akuti akulonda mzinda. Nanga woudyetsa mzindawo ndani? Ine wina anandiomberapo m'manja?"

"Gula yunifolomu, tikuombera."

Ndipo a Hanna, abale inu, anali munthu wosadanika. Tsiku la malipiro ankabwera pabenchi pa a Bain, kuvula chipewa, kupereka moni wa manja awiri. Ankayamikira nkhono, ankafunsa za mayi Idell. Ndiye tsiku lina akupukuta pakamwa anati, "Bambo Bain, mwana wathu uja adzafika patali. Ali ndi mutu."

A Bain anaima, mpeni uli m'mwamba. "Wathu?"

"Ndikunena Garvin."

"Ndamva. Ndimangofuna kudziwa kuti munali kuti inu pamene ankalira ndi chikuku."

A Hanna anaseka mofatsa, anavala chipewa n'kumapita, osakwiya n'komwe. Munthu wosakwiya amatopetsa. A Bain anafika kunyumba akutukutira, mayi Idell n'kuwamvetsera mpaka kumapeto.

"Bambo a Garvin, mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mukanakonda kuti agwe m'manja mwa chidakwa? Munthu akukulererani mwana, inu m'malo mothokoza mukuwonda. Nsanje yotere ndinkaiona kwa akazi okha."

"Sindikuchita nsanje ine."

"Chabwino. Lamba wanuyo ndiye akutalika yekha."

Garvin anakwatira mtsikana wa ku Fox Hill dzina lake Denira, ndipo zaka ziwiri zisanathe kunabadwa mnyamata. Apa a Bain anatsitsimuka. Anaiwala nyamakazi, anapaka boti utoto watsopano. Mwana anawalanda, chabwino, koma mdzukulu ndi magazi, ndipo kwawo ku Andros mdzukulu woyamba wamwamuna amatenga dzina la agogo ake. Anauza pamlatho ponse kuti Alpheus wamng'ono wafika. Anapita okha kukaona tsiku labwino la ubatizo kutchalitchi kwawo, osafunsa eni mwana.

Lamulungu lina onse atakhala patebulo, mpunga wa nandolo ndi nsomba yokazinga zili pakati, Garvin anakhosomola.

"Adadi, Amama, za ubatizo zija takonza. Ukachitikira pasitima."

"Pasitima pali tchalitchi?" anafunsa a Bain.

"Ndi mwambo wathu, Adadi. Amatsitsa belu la sitima, kulitembenuza kukamwa kuloze kumwamba, n'kuthiramo madzi. Wansembe wathu amabatizira mmenemo. Akatha, madzi amawathira m'nyanja, dzina la mwana n'kulizokota mkati mwa belu. Limakhala momwemo mpaka kalekale. Si aliyense amalandira mwayi umenewu. A Hanna ndiwo anandipemphera kwa akuluakulu."

"Ehe! Ndimadikira dzina limenelo."

"Ndipo avomera kukhala bambo wake wa ubatizo." Garvin anayang'ana mkazi wake, kenako mbale. "Tamutcha Cleveland."

A Bain anamva ngati wina wawathira madzi otentha pamsana. Anayang'ana khanda lili m'manja mwa Denira, mphuno yawo yeniyeni, makutu awo enieni, ndiye dzina la munthu wina.

"Ine dzina langa lanunkha nsomba eti?"

"Adadi, si choncho. Munthu uja anandipulumutsa kawiri panyanja. Alibe mwana wamwamuna. Inu muli nane ine."

"Ndili nawe? Ndili nawe kuti?"

Anadzuka chakudya chili m'mbale n'kukakhala kuseri kwa nyumba. Mayi Idell anawatsatira dzuwa litapendeka. Anawauza kuti adekhe, ana abadwabe ena, dzina lawo silithawa. Koma m'maso mwa a Bain munkangobwera chinthu chimodzi: belu lija likulira padoko m'mawa uliwonse, mzinda wonse ukumva, mkati mwake muli magazi awo ndi dzina la Hanna. Ankalimva akudya, ankalimva akupemphera.

Patatsala sabata kuti mwambo uchitike, Denira anasiya khanda kwa apongozi ake n'kupita kukatenga diresi kwa telala. Mayi Idell analigoneka pampando n'kutuluka kukayanika zovala. A Bain anatsala nalo. Khandalo linawayang'ana, linakwinya kamphuno, n'kuyetsemula, tsi!

"Ogo! Mwanayu akudwala," anatero a Bain.

Kudwala kwake kuti? Mwana anali wonenepa, wowala ngati wadzozedwa mafuta. Koma munthu akafuna chinthu, chifukwa sichisowa. A Bain anadziuza kuti chimfine cha makanda sichichedwa kupha, kuti bambo awo sankadikira, kuti ndi udindo wa Mkhristu aliyense. Anatenga chigoba cha nkhono chokongoletsera pashelefu, anachitsuka, anatunga madzi a mumtsuko, ananyamula mdzukulu wawo ndi dzanja lamanzere. Mawu anabwera okha, osaphonya ndi limodzi lomwe.

"Alpheus, ndikukubatiza m'dzina la Atate, ndi la Mwana, ndi la Mzimu Woyera."

Anathira katatu. Khanda silinalire, linangophethira n'kugwira chala chawo. A Bain anagwetsa misozi, ndipo kunena zoona inali misozi ya chikondi, koma pansi pake panali kukoma kwa munthu amene wafika poyamba pachitsime. Anapukuta kamutu ndi malaya awo, chigoba n'kuchibwezera pashelefu. Mayi Idell polowa anapeza agogo akuimbira mdzukulu nyimbo ya m'buku.

Sabata imeneyo a Bain anali munthu wina. Anatulutsa suti, anaisita okha, anapukuta nsapato akuimba mluzu. Pamlatho sitima yotuwa itadutsa anaikwezera dzanja, mayi Moxey mpaka kugwetsa nsomba.

"Mwamwa chiyani, bambo a Garvin?" anafunsa mayi Idell, akuwayang'ana cham'mbali. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi."

"Munkati ndidekhe. Ndadekha."

Asanamizidwe munthu kuti a Bain sankadziwa zimene zikubwera. Munthu amene anagwirira katekisiti buku ubwana wake wonse sangaiwale funso loyamba la ubatizo. Ankalidziwa, ankalidikira, ndipo yankho ankaliyeserera posamba.

Tsikulo linafika, Lamulungu masana, dzuwa lili nye. Sitima inaima padoko la mzinda, yotsukidwa mpaka kuwala, atamanga chinsalu cha mthunzi kumbuyo. Pachipata panali msilikali wa mfuti, ndipo atamva dzina la Bain anaima njo n'kuwachitira sawatcha. Garvin anawalandira pamakwerero, ali mu zoyera, nkhope ikuwala.

"Adadi, mwabwera! Ndimaopa kuti mwina... Bwerani, mpando wanu uli kutsogolo."

Belu linali pakati, litakhazikidwa chagada pa kathebulo kokutidwa ndi mbendera, lopukutidwa ngati golide. Mkati munkaoneka mayina a ana ena, ozokotedwa mozungulira. Wophika wa pasitima anabwera ndi ketulo ya madzi ofunda n'kuthiramo. Anyamata anandandalika mbali zonse, akazi awo atavala zipewa za kutchalitchi. A Hanna anaima pafupi ndi Denira atanyamula khanda mosamala ngati dzira, ndipo munthu amene sanaphethire pamaso pa mfuti uja, milomo inkanjenjemera. A Bain ataona zimenezo nsanje inawakwera mpaka m'makutu. Chisoni chilichonse chimene chinatsala chinauma.

Wansembe wa asilikali, bambo wachikulire wa magalasi, anatsegula buku. Anafunsa funsolo mwachizolowezi, maso ali kale pamzere wotsatira.

"Kodi mwanayu anabatizidwapo kale, kapena ayi?"

"Ayi," anayankha Garvin ndi Denira.

"Anabatizidwa."

Mitu yonse inatembenuka. A Bain anali ataimirira, akukonza jekete.

"Khalani pansi inu!" ananong'ona mayi Idell, akuwakoka. "Mwapenga?"

Wansembe anavula magalasi. "Mwati chiyani, bambo?"

"Ndati anabatizidwa. Ndinamubatiza ine, agogo ake, kunyumba kwanga. Ankadwala."

"Ankadwala liti?" Denira anakuwa. "Mwana wanga sanadwalepo!"

Wansembe anakweza dzanja kuti anthu akhale chete, n'kufunsa modekha: munagwiritsa chiyani, munanena mawu otani, munathira kangati. A Bain anayankha chilichonse momveka bwino, chifuwa chili patsogolo, ngati mwana amene waloweza phunziro. Wansembe anatseka buku.

"Zimene mwachita n'zolakwika, bambo, ndipo Mulungu akudziwa ngati mwanayu ankadwaladi. Koma ubatizo wachitika. Munthu sabatizidwa kawiri. Ine ndingomulandira mu mpingo ndi pemphero. Munamutcha ndani?"

"Alpheus."

Denira analira mokweza. Mayi Idell anaphimba nkhope ndi chipewa. Anyamata aja anangoyang'ana kutsogolo monga anaphunzitsidwira, koma makutu ali tcheru. Garvin anafunsa wansembe chapansipansi za belu, wansembe n'kupukusa mutu: m'belu mumalembedwa okhawo amene abatizidwiramo.

A Hanna anapsompsona khanda pachipumi, analipereka kwa mayi ake, anapita pabelu paja n'kuyamba kukapa madzi ndi kapu kubwezera m'ketulo, pang'onopang'ono, kuti asadonthere pambendera. Akanatukwana bwenzi zili bwino. Kufatsa kumeneko ndiko kunawaphulitsa a Bain.

"Inde, kapani! Mwana ndinabala ine! Ndinamuphunzitsa nyanja ine! Inu mwangobwera ndi mabatani owala n'kumutenga, lero mukufuna ndi mdzukulu yemwe? Kabaleni wanu!"

Garvin anayenda kufika pamaso pawo. A Bain ankayembekezera kukalipiridwa, ndipo anali atakonzeka, poti mkangano ndiwo unali munda wawo. Koma mwanayo anangowayang'ana, maso ofiira, mawu otsika.

"Mwapambana, Adadi."

Kenako anatembenukira kwa msilikali wa pamakwerero. "Perekezani bambo awa kuchipata. Akutuluka."

A Bain anatsika okha. Mayi Idell sanadzuke pampando. Msilikali uja anayenda pambuyo pawo mpaka kuchipata, ndipo ulendo uno sanachite sawatcha.

A Bain ankayesa kuti ndi mkwiyo wa sabata imodzi. Magazi ndi magazi, ankatero pamlatho, abwera yekha. Koma Garvin sanakangane nawo, ndipo munthu amene sakukangana nawe ungagwirizane naye bwanji? Pamaliro ankawapatsa moni wa ulemu n'kupitirira. Pa Khirisimasi ankatumiza nyama ya nkhumba kudzera mwa alongo ake. Mayi Idell ankapita okha kukaona mdzukulu, pobwera osanena kanthu, a Bain n'kumazungulirazungulira kukhitchini kudikira kuti mwina atayako liwu. Kwa Garvin kutabadwa mwana wachiwiri, mtsikana, anamubatizira m'belu lomwe lija, ndipo a Bain anamvera kwa mayi Moxey, amene tsiku limenelo sanaseke. Boti lija analigulitsa kwa mnyamata wa ku Exuma, maondo atayamba kukana. Anatsala ndi benchi, kumagula nkhono kwa asodzi ena.

Kupepesa ankakufuna, koma akangoganiza kuti a Hanna amadya kunyumba kwa Garvin Lamulungu lililonse, atakhala mwina pampando wa kumutu kwa tebulo, mawu opepesa ankasanduka ndulu. Choncho zaka zinapita.

Loweruka lina m'mawa akuduladula anyezi, anamva mayi Moxey akuti, "Bain, tukula mutu." Patsogolo pa benchi panaima a Hanna, atapuma ntchito tsopano, imvi zili mbuu, ndodo m'manja. Dzanja linalo linali paphewa pa mnyamata wa msinkhu wa sitandade faifi. A Bain sanafunse. Mphuno ija, makutu aja.

"Bambo Bain," anatero a Hanna atavula chipewa, "tinali kudutsa. Ndati mnyamatayu alawe nkhono zenizeni. Iwe, awa ndiwo agogo ako, bambo a bambo ako. Pereka moni."

"Mwadzuka bwanji, a Bain?" anatero mnyamatayo mwaulemu, kenako anakoka malaya a a Hanna. "Agogo, nkhonozi n'zamoyo?"

Liwu limenelo linawabaya a Bain, komanso kuti mdzukulu wawo achite kuwabweretsera ndi munthu ameneyu, mwachifundo! Koma anameza. Anasankha nkhono yonona kuposa zonse, anaiboola, anaidula bwinobwino, mwanayo akuonerera pakamwa pali yasa.

"Dzina lako ndani, mphwanga?"

"Cleveland."

"Lomwelo basi? Ulibe lina?"

Mnyamatayo anakwinya nkhope. "Lilipo la kutchalitchi, koma kwathu sitilitchula. Alpheus. Ndimadana nalo."

"Iwe," anatero a Hanna chapansipansi.

"Zoona, agogo! Mlongo wanga dzina lake lili m'belu la sitima, amandionetsa tikapitako, amandiseka. Langa mulibe. Amama amati munthu wina anandipatsa dzina limenelo mwakuba ndili khanda, ndiye belu linandikana." Anatola kachidutswa ka nkhono n'kuponya mkamwa, anatafuna, maso n'kuwala. "Koma ndiye n'zokoma! Inuyo dzina lanu loyamba ndani?"

A Hanna anayang'ana kunyanja. Mayi Moxey anawerama n'kuyamba kupala nsomba yopalapala kale.

"Ndine Bain basi," anatero a Bain. "Tsabola ndikuthirire?"